Afelesiya Mwale tilipo awiri, fayilo yanu ikusunga mmodzi

Mwandidyetsa feteleza wa mwana wa mchimwene wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti inu a pagulu lino musaganize kuti ndikudandaula za mzere wautali kapena dzuwa. Mzere tinauzolowera kalekale. Dzuwa ndi la Mulungu. Ine ndikunena za anthu amene anandichititsa kuba ndisakudziwa, ndipo lero akuti palibe wolakwa.

Ndine Felesiya Mwale wa kuno kwa Chulu. Banja langa litatha ndinabwerera kumudzi kwa makolo, ndipo ndimalima chimanga ekala imodzi ndi theka, ndi kafodya ka bale pang'ono. Pakhomo panga timadya anthu asanu. Ofesi ndi depoti zimene ndikunenazi sindizitchula mayina. Eni ake akawerenga adzizindikira okha.

Mumve kaye za dzinali, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Dzina la Felesiya silinayambire pa ine. Linali la azakhali anga, iwonso analilandira kwa agogo awo. Kwathu kuno mwana wamkazi akabadwa, bambo ake amaitana mlongo wawo kuti adzatchule dzina. Achimwene anga atabereka mwana wawo woyamba anandiitana. Ndinagula nsalu ndi kabeseni, ndinamunyamula mwanayo, ndinamupatsa dzina langa. Ndiye m'mudzi muno muli Felesiya Mwale wamkulu, ineyo, ndi Felesiya Mwale wamng'ono, amene pano ndi mayi wa pabanja pake. Timaitanana kuti adzina. Palibe nkhuku ya m'mudzi muno imene imatisokoneza.

Mwezi wa Seputembala anabwera anthu olemba mayina a olandira feteleza wotsika mtengo. Anakhala pabwalo la tchalitchi, tebulo limodzi, bambo mmodzi ndi laputopu yake. Ine ndinafika 8 koloko m'mawa, ndinali wa nambala 14. Bamboyo anajambula chiphaso changa cha unzika. Anandiuza kuti ndivule duku, nkhope ioneke bwino. Ndinavula pamaso pa azibambo onse aja. Anandijambula. Ndinafunsa kuti zalowa? Iye akuti zalowa mayi, ndaseva. Ndinati nanga kapepala koti ndigwire? Anaseka. Akuti mapepala ndi achikale, masiku ano zonse zimasungidwa mu fayilo, fayilo siinyowa ndi mvula, siidyedwa ndi chiswe.

Nthawi ya makuponi tinkadandaula, inde, koma kuponi unkaimanga pansonga ya chitenje n'kumagona nayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndinachoka pabwalo paja chimanjamanja, nditangonyamula mawu a munthu.

Adzina anga sanabwere m'mawa. Anali ndi pakati, ndipo tsiku limenelo linali la sikelo. Atabwerako ndine ndemwe ndinawathamangitsa kuti pitani msanga asanatseke. Analembetsa cha m'ma 3 koloko masana. Sungani zimenezi: ine m'mawa, iwo masana.

Mvula inagwa. Tinabzala. Chimanga chinamera bwino, abale, mizere yake yosangalatsa. Kenako uthenga unabwera kuti feteleza wafika ku depoti ya pa tredingi.

Lolemba ndinanyamuka 5 koloko m'mawa wapansi. Ndalama ya matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, ndinaimanga m'chiuno. Ndinafika 6:40, anthu ali kale mbwee. Windo linatsegulidwa 9:15. Mayi wa pawindo anayatsa kompyuta, anabayapo fulashi, kachitsulo kosungira mafayilo kaja kofanana ndi chala. Anadina. Anadinanso. Anaizula, anaiuzira mpweya, anaibayanso. Kenako anatulutsa mutu n'kunena kuti fayilo ikukana kutseguka, tidikire.

Tinadikira. 10 koloko. 12 koloko. Matumba tikuwaona ndi maso m'katimo, atasanjidwa mpaka kudenga. 2 koloko mayi uja anatulukanso. Akuti fulashi imeneyi si yeniyeni, yeniyeniyo ili m'thumba la bambo wolemba mayina uja, ndipo bamboyo wapita ku boma panjinga yamoto.

Mwamva? Mayina a midzi yonse ino, chakudya cha chaka chonse cha anthu, chili m'thumba la buluku la munthu mmodzi, chikudumpha mabampu kupita ku boma. Akanagwera nacho mumtsinje? Mkazi wake akanachapa bulukulo? Bambo wina wachikulire wa kumpoto uku amene anali pambuyo panga anangoti yayi, n'kunyamula chipewa chake kumapita. Ine miyendo inali itatupa, ndinakwera kabaza. K2,000 yapita, feteleza sindinamukhudze n'komwe.

Lachiwiri ndinabwereranso. Fayilo inatseguka, Mulungu alemekezeke. Nthawi yanga inakwana 11:20. Ndinapereka chiphaso. Mayi uja analemba dzina n'kunena kuti Felesiya Mwale, mulipo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kumasula ndalama.

Ndiye anandiyang'ana. Anayang'ana kompyuta. Anandiyang'ananso, kuyambira kumutu mpaka pachifuwa. Akuti mayi, mwabwera kudzatengera ndani? Ndinati ndekha, ndine mwini dzina. Anatembenuza kompyuta ija kuti ndione. Dzina langa. Mudzi wanga. Koma nkhope ya adzina, atavala bulauzi yachikasu imene ndinawagulira ndine. Nambala ya chiphaso yawonso.

Ndinati mwanayo ndikumudziwa, ndi wa achimwene anga, tonse ndife a Felesiya Mwale, tonse tinalembetsa. Yang'anani bwino, pali wina pansi pakepo. Akuti palibe wina, dzinali likutulutsa munthu mmodzi basi. Ndiye anakweza mawu kuti mzere wonse umve. Akuti anthu ngati inu ndi amene mukutivutitsa, mumatolera mayina a ana anu kuti mukagulitse matumba kwa mavenda.

Ine? Venda? Mayi wa mpingo, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, imvi zili mbuu? Anthu a m'mudzi mwathu anayesa kundiikira umboni. Mayi uja akuti iye samvera anthu, amamvera kompyuta. Akuti ntchito yake ndi kutsegula fayilo, osati kuikonza. Wokonza ali ku ofesi. Wotsatira!

Ndinachoka pawindo paja nkhope ikuyaka ndi manyazi. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri kwa chigayo.

Lachitatu ndinapita ku ofesi. Loko ali pakhomo. Mlonda akuti bwana ali ku msonkhano. Msonkhano wa chiyani pamene chimanga chikuchita chikasu m'minda? Kaya. Pobwerera ndinadzera kumunda. Masamba a m'munsi anali atayamba kufuwirira. Amene munalimapo dothi la mchenga la kuno mukudziwa: sabata imodzi yochedwa imaoneka m'nkhokwe.

Lachinayi 10:05 ndinamupeza. Bambo yemwe uja wa duku. Anali akudya mango, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Sanandipatse mpando. Ndinafotokoza zonse. Anapukuta zala pabuluku, analemba dzina langa, inatuluka nkhope ya adzina. Akuti mayi, ndiye kuti inu simunalembetse.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinati bambo, ndinali wa nambala 14. Munavala malaya ofiira. Munandivulitsa duku pamaso pa apongozi a anthu. Munanena ndi pakamwa panu pomwepo kuti mwaseva. Sindituluka muno. Ndinakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, pakhomo penipeni poti aliyense wolowa andidumphe.

Ataona kuti mayiyu sakuseka, anayamba kufufuza. Ine ndinadzuka n'kukaima pambuyo pake. Kuwerenga ndimatha, ndinafika Sitandade 8. Abale, mukanaona! Mafayilo ali ndandanda. Ina yalembedwa kuti mayina. Ina mayina atsopano. Ina mayina atsopano enieni. Ina omaliza. Ina omaliza 2. Ndinafunsa kuti pa onsewa oona ndi ati? Akuti mayi musandisokoneze.

Anatsegula imene anaseva masana a tsiku lolembetsa lija, asanapite kukadya. Analemba Felesiya Mwale. Ndine uyo! Mutu wopanda duku, maso ali tong'o, nambala ya chiphaso changa. Anatsegula imene anaseva madzulo ake poweruka. Felesiya Mwale. Nkhope ya adzina. Ine mulibe.

Ndinati ndiye mwaona? Masana ndinalipo, madzulo kulibe. Ndinapita kuti? Ndinamwalira pakati pa nkhomaliro ndi 4 koloko? Maliro anga munabwera?

Iye anangoti aaa, zachitika bwanji izi. Anakanda mutu. Kenako akuti zosavuta, ndikulowetsaninso pompano. Anatenga chiphaso changa, analemba, anadina, n'kunena kuti ndaseva, mawa m'mawa fulashi ikafika ku depoti, mukatenge katundu wanu.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa pali anthu m'mudzi muno amene akunena kuti ndinachita dala. Ndinamufunsa bamboyo katatu. Koyamba ndinati nanga mwana uja, akhalabe momwemo? Akuti eya. Kachiwiri ndinati onetsetsani, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, sangayende maulendo amene ndayenda inewa. Akuti mayi, aliyense ali ndi malo ake. Kachitatu ndinati tandionetsani tonse awiri pagalasipo, ndione ndi maso anga. Anatseka laputopu. Akuti batire yatsala pang'ono, ndipo kompyuta si dengu loti likadzaza zina zimagwa.

Ndinamukhulupirira. Kapena ndinene zoona: ndinafuna kumukhulupirira. Ndinali nditatopa, chimanga changa chikufa, ndipo munthu wa sukulu wanena. Ndikanakhalanso pasimenti paja mpaka atandionetsa. Sindinatero. Chimenechi chimandidya mpaka lero.

Lachisanu 1:30 masana ndinalandira matumba anga awiri. Mayi wa pawindo uja sanapepese za uvenda zija, anangoti sayinani apa. Kabaza awiri, K5,000. Pofika m'mudzi ndinaimitsa njinga pakhomo pa adzina. Ndinati adzina, zatheka, akonza, inu mupite Lolemba. Anasangalala. Akuti amuna awo, a Lufeyo, agulitsa mbuzi pamsika wa Loweruka, ndalama ikwana. Anandithandiza ngakhale kumasula chingwe cha thumba, ndi mimba yawo yomweyo.

Loweruka m'mawa kunagwa kamvula kabwino. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinalowa m'munda ndi zitsekerero za mabotolo zopimira, kuthira feteleza phando ndi phando. Pofika madzulo thumba la wokulitsa linali litatha lonse, tinalikutumula mpaka fumbi. Lamulungu ku tchalitchi ndinaimba mokweza kuposa aliyense.

Lolemba cha m'ma 3 koloko ndinali m'chigafa, kukonza mikangala yodzayanikapo fodya. Ndinamva njinga ikuima. A Lufeyo atagwira chiwongolero, pakaliyala palibe thumba. Adzina atatsika, dzanja lili m'chiuno, mapazi otupa ali fumbi lokhalokha. Sanalowe m'chigafa. Anaima padzuwa.

Anati, "Azakhali, akuti ndinatenga kale Lachisanu."

Ndinati mwati bwanji?

"Anandionetsa nkhope yanu, azakhali. Akuti Felesiya Mwale ndi inuyo, ndipo mwatenga onse awiri. Ine mulibemo."

Chibadwire chake mwana ameneyu sanandiitanepo kuti azakhali. Kuyambira ali kumbuyo, mawu ake anali adzina. Tsiku limenelo ananena azakhali kawiri, mwaulemu wonse, maso ali pansi. Bola akanandilalatira.

Anaima pamzere kuyambira 7 koloko ndi mimba imeneyo. Mayi wa pawindo uja anamunyoza monga anandinyozera ine, akuti mumafuna kutenga kawiri. Mbuzi yagulitsidwa kale. Ndipo theka la katunduyo lili m'dothi la munda wanga, mvula italisungunula. Ndikalifukule? Ndikasefe mchenga?

Lachiwiri m'mawa ine ndi a Lufeyo tinali pakhomo pa ofesi isanatsegulidwe. Bambo uja atationa anafuna kubwerera. Ndinamugwira mkono wa malaya. Ndinati lero mundiuza chimene chikuchitika m'makina anuwa, m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati mukuuza mwana.

Ndiye anaulula. Akuti pulogalamu imene anapatsidwa imasunga munthu aliyense pa dzina lake ndi mudzi wake. Dzinalo ndiye chogwirira. Ukalemba dzina, imakutulutsira zonse zimene zamangiriridwa pamenepo: nkhope, nambala, matumba. Koma dzina limodzi lili ndi malo amodzi okha. Akabwera wina wa dzina lomwelo, mudzi womwewo, siifunsa, siichenjeza. Imachotsa woyambayo n'kuikapo wachiwiriyo. Ukaseva, fayilo imasunga wotsirizayo, ndipo ukadzaitsegula ku depoti imatulutsa yemweyo. Adzina atalembetsa masana aja, anandifufuta ine. Iye atandilowetsanso Lachinayi, ndinawafufuta adzina.

Ndinati ndiye pamene ndinkakufunsani katatu paja munkadziwa? Akuti ayi, anazindikira pambuyo. Pambuyo pake liti? Akuti Lachisanu madzulo. Lachisanu! Nanga bwanji simunatumize uthenga Loweruka m'mawa ndisanathire? Nambala ya foni yanga ili mu fayilo yanu yomweyo. Akuti analibe mayunitsi.

A Lufeyo ndi munthu wofatsa, mkamwini wosakweza mawu. Anangofunsa kuti bwana, nanga simungatsegule fayilo yakale ija, mkazi wanga abwerere? Akuti angathe, koma sizithandiza. Fayilo ya ku depoti yalemba kale kuti dzina la Felesiya Mwale latenga. Kaya pakhale nkhope ya ndani, dzinalo latenga basi. Matumba anawerengedwa potengera mayina a mu fayilo, ndiye a Felesiya wachiwiri sanabwere n'komwe pa lole.

Ndinati bambo, ine ndine mlimi wa fodya. Belo langa likamapita ku okushoni limasokedwa ndi nambala yanga. Kumeneko kumafika mabelo a a Mwale, a Banda, a Phiri osawerengeka, koma sindinamvepo kuti belo la Mwale uyu lameza belo la Mwale uyo. Chifukwa chiyani? Amayang'ana nambala, sayang'ana dzina. Ife osaphunzira timadziwa zimenezi. Inu munajambula chiphaso changa, nambala ili pomwepo, ya ine ndekha dziko lonse lino. Munaijambuliranji ngati simuigwiritsa ntchito? Yokongoletsera?

Akuti amene anapanga pulogalamuyo ali ku tauni, iye amangodina.

Wa pawindo amangotsegula. Wa mu ofesi amangodina. Wopanga ali ku tauni. Nanga wolakwa ndi ndani? Ndikuuzeni amene anamupeza. Potuluka bambo uja ananena mawu amene sindidzawaiwala. Akuti komanso mayi, inu anthu a kumudzi mumawonjeza, mayina onse ali padzikoli, mwanayo mukanangomupatsa dzina lina.

A Lufeyo anandigwira paphewa. Anachita bwino.

Ndiye kuti wolakwa ndine. Ndinalakwa zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, tsiku limene ndinanyamula khanda la mchimwene wanga. Ndinayenera kulota kuti kudzabwera laputopu yosadziwa kuwerenga mpaka pa awiri. Azakhali anga analakwa. Agogo awo analakwa. Koma munthu amene anakhala pampando ku tauni n'kupanga kaundula wa Kasungu, Kasungu weniweniyu, poganiza kuti mudzi ungakhale ndi Phiri mmodzi wa dzina limodzi, ameneyo ndiye wanzeru. Anafikako kuno? Anamvapo mayina akuitanidwa pamaliro?

Tsiku lomwelo ndinakweza thumba la wobereketsa panjinga ya a Lufeyo, losamasula, ndinalikankha ndekha mpaka pakhomo pawo. Adzina anakana. Akuti ndi lanu azakhali, dzina ndi lanu, ine ndinangobwereka. Mawu amenewo anandilasa kuposa a ku ofesi. Ndinalitsitsa pakhonde n'kumapita osacheuka. Achimwene anabwera kwanga madzulo dzuwa lisanalowe, anakhala pampando. Kenako anati, mlongo wanga, ndikudziwa kuti sunachite dala, koma anthu akuyankhula. Ndinati alekeni ayankhule, nanenso ndikanayankhula.

Lero pitani mukaone minda iwiriyo. Changa chinakula, chobiriwira, chachitali kuposa ine, koma pobereka chatulutsa tizisononkho tonga chala, chifukwa wobereketsa sichinamuone. Cha adzina chinapinimbira chili chaching'ono, wobereketsa anachipeza chitafooka kale. Mabanja awiri, aliyense theka la chithandizo. Nkhokwe zonse ziwiri sizifika Okutobala, ndipo m'nyumba imodzi muli mayi woyamwitsa.

Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho, osati akuti tikufufuza.

Ndani anavomereza kuti anthu azisungidwa pa dzina pamene nambala ilipo? Anaiyesa pulogalamuyo pa mudzi weniweni, kapena pa mayina a anzake a mu ofesi?

Makina amene amadziwa kukana munthu pawindo, amalephera bwanji kufunsa kuti dzina ili lilipo kale, kodi ndi munthu yemweyo? Ngakhale mwana wotumidwa kukapereka mbale amafunsa kuti a Felesiya ake ati.

Mwa mafayilo asanu aja, oona ndi ati? Ndani amasankha yopita ku depoti? Fulashi ija ikatayika, tonse tafa?

Matumba awiri a Felesiya Mwale wamng'ono, amene analembetsa, anajambulidwa, anagulitsa mbuzi, ali kuti? Sindikupempha chifundo. Ndikufunsa katundu wake.

Ndipo ndi angati ena? M'mudzi mwathu mokha a Yohane Phiri alipo atatu, mkulu, mphwake ndi mdzukulu. Wapeza feteleza ndi mmodzi. Awiriwo anauzidwa kuti simunalembetse, ndipo anabwerera kwawo akudziimba mlandu okha kuti mwina anaphonya tsiku. Fayilo ya masana ija ikanatsegulidwa, bwenzi atapezekamo. Bambo wa mango, mukudziwa zimenezi. Mwawauza?

Inu anzanga a kwa Chulu, a ku Lisasadzi, a kwa Njombwa, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati muli ndi adzina m'mudzi mwanu, polembetsa pitani limodzi. Wachiwiri akalembedwa, muuzeni wolembayo atseke fayilo, aitsegulenso, akuonetseni nkhope zonse ziwiri. Akati ndaseva, musavomere mawu. Akati batire yatha, khalani pasimenti mpaka aitchaje. Ndipo akakuuzani kuti akukonzerani, funsani kuti akukonza pochotsa ndani.

Mwezi watha adzina anachira, mwana wamkazi. Ine sindinapite ku chipatala, ndinkaopa nkhope yawo. Mchombo utagwa, a Lufeyo anabwera ndi achimwene pakhomo panga. Anati mayi wa mwana watituma, akuti dzina atchule ndi adzina ake, wina ayi.

Adzina ake. Ndinalowa m'nyumba kaye kukapukuta m'maso.

Aliyense ankadziwa dzina limene lidzatuluke. Achimwene anali atayamba kale kuseka kuti Felesiya wachitatu wafika. Ndinapempha masiku awiri. Ndinagula nsalu ndi kabeseni monga kale. Tsiku litakwana ndinamunyamula mwanayo, wopepuka, tsitsi lake lambiri ngati la mayi ake tsiku lija. Anthu onse akudikira. Dzina la azakhali anga, la agogo awo, linafika pakamwa penipeni. Ndinaona mwana ameneyu atakula, ataima pawindo lina, wina akumutembenuzira kompyuta kuti aone nkhope ya mayi ake.

Ndinati dzina lake ndi Tilipo.

Achimwene anandiyang'ana. Adzina anagwetsa misozi, sanafunse chifukwa. Masiku awiri amene ndinapempha aja ndinayenda khomo ndi khomo, mudzi wonse mpaka kutsidya kwa dambo, kufunsa ngati pali wina wa dzina limenelo. Palibe.

Matumba awiri aja mubweze, tikuwadikira. Koma dzina limene linayenda mibadwo inayi m'banja mwathu lathera pa ife awiri, ndipo limenelo mulibe fayilo yoti mukalitsegulemo.